Gulu liti la asilikali ndi losavuta kupenta? Anga angondiunjikira m'mabokosi

Kamwendo_Leicester
Moni nonse. Ndabwera ndi vuto langa, mundithandize koma musandiseke kwambiri. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito ananditengera ku kalabu ina kuno ku Leicester komwe anthu amasewera Warhammer 40,000 (mwachidule 40k) madzulo, masewera a nkhondo a patebulo a tizidole ta asilikali timene umamata ndi kupenta wekha. Ndinakopeka tsiku lomwelo. Ndinasankha gulu la Astra Militarum chifukwa ndimakonda asilikali wamba, a zipewa ndi akasinja, osati zimphona zovala zitsulo zija. Lero ndili ndi asilikali 60 omata kale, koma openta ndi 7 okha. Aliyense ali ndi nkhope, malamba, timatumba, mfuti, nsapato. Ndikamaliza mmodzi ndiye kuti usiku wapita, ndikacheukira otsalawo mphwayi zimandigwira. Ndikuganiza zowagulitsa ndiyambe gulu lina. Ndiye funso langa lili pawiri: ndi gulu liti limene munthu wogwira ntchito ya mashifiti, wa manja onjenjemera ngati ine, angathe kulimaliza? Nanga inu amene mumamaliza, mumatani kuti mtima usagwe panjira?

Nkhwazi40k
Necrons. Tsekani nkhani.

MbewaYaJoni
A Nkhwazi, munthu wafunsa mwaulemu, mufotokozereni. Achimwene a Kamwendo, chimene anthu amatchulira Necrons n'chakuti ndi mafupa achitsulo okhaokha. Palibe khungu, palibe nsalu, palibe maso oti muzivutika nawo. Mumawapopera sipuleyi ya siliva, ija ya Leadbelcher, ikauma mumawasambitsa ndi Nuln Oil, kapenti kakuda kamadzimadzi kamene kamatsikira kokha m'ming'alu n'kutulutsa mthunzi. Kenako mumatenga burashi youma yokhala ndi siliva wowala pang'ono, n'kuisisita pamwamba ngati mukuchotsa fumbi. Chotsala n'kuika zobiriwira pa mfuti ndi m'maso. Ine ankhondo 20 ndinawamaliza Loweruka ndi Lamlungu limodzi, wailesi ikulira pambali. Ndipo ukalakwitsa sizioneka, poti ndi zitsulo zoti zagona m'manda zaka mamiliyoni. Dzimbiri ndi zokanda zimangowakongoletsa.

Nachisale_Burashi
Ine ndikutsutsa. Osati kuti a Mbewa anama, ayi, zonse anenazo n'zoona. Koma a Kamwendo sananene kuti amakonda mafupa. Anena kuti amakonda asilikali wamba ndi akasinja. Ine ndinachitapo zomwezo: ndinamvera anthu, ndinagula Necrons poti "n'zosavuta", ndipo nditapenta 15 ndinatopa nawo kuposa mmene ndinatopera ndi Orks anga. Siliva, siliva, siliva, ngati ndikutsuka mapoto. Anakhala m'kabati zaka ziwiri mpaka ndinasinthanitsa ndi munthu. Chinthu chosavuta chimene suchikonda chimalemera kuposa chovuta chimene umachifuna.

Nkhwazi40k
Chikondi sichipenta malamba 60, asisi.

Nachisale_Burashi
Nanga siliva ndiye amadzutsa munthu wochokera ku shifiti ya usiku?

Chidzukulu_Notts
Tiyeni tiwerengetse kaye, chifukwa vuto la a Kamwendo si mtundu wa penti, ndi chiwerengero. Masewera ambiri a 40k amaseweredwa pa mapointi 2000. Msilikali wamba wa Militarum amadya mapointi ochepa kwambiri, ndiye kuti mudzaze gulu mufunika khwimbi la anthu. Tsidya linalo kuli Adeptus Custodes, komwe munthu mmodzi amadya mapointi a asilikali wamba angapo, moti gulu lonse limakwana m'kabokosi ka nsapato. Kuli Imperial Knights, komwe mumabwera patebulo ndi zimaloboti zowerengeka ndi zala. Amene akufuna kumaliza msanga ayambe wafunsa kuti "ndi angati", kenako "ndi mitundu ingati pa mmodzi". Custodes mumapopera golide wa Retributor Armour, kusambitsa ndi Reikland Fleshshade, kufiiritsa nthenga za pachipewa ndi mikanjo, basi aimirira.

MbewaYaJoni
Custodes ndi ochepa inde, koma tayang'anani mmodzi pafupi. Timiyala tonyezimira, timapiko ta ziwombankhanga, tizolemba pa chida chilichonse. Munthu wa mtima ngati wa a Kamwendo, amene amatha usiku wonse pa msilikali mmodzi, akagwira Custodian adzatha naye sabata.

Chidzukulu_Notts
Pamenepo mwanena zoona. Ndiye kuti matendawo ali mwa wopenta.

GogoMadayisi
Ana inu, mundilole ndilankhule monga munthu amene anayamba kupenta tizidoleti tidakali ta chitsulo, pulasitiki isanachuluke. A Kamwendo, ndikufunseni: asilikali 7 mwamalizawo, munapenta maso?

Kamwendo_Leicester
Ee madala, ndinapenta. Ena akuoneka ngati aona njoka m'chimbudzi, koma ndinapenta.

GogoMadayisi
Ndinadziwa. Siyani lero lomwe. Kamunthu kameneka n'kotalika mamilimita 28 kapena 32. Pamasewera kamakhala patebulo, inu muli chiimire, mtunda wa mkono wathunthu kapena kuposa. Pamtunda umenewo palibe amene amaona diso. Chimene chimaoneka ndi zitatu: mtundu wa yunifolomu, mtundu wa chipewa ndi zapamapewa, ndi pansi pomwe kaimapo. Inu mukupenta ngati mukupita ku mpikisano wa akatswiri openta wa Golden Demon, pamene mukufuna gulu loti mukaponye nalo madayisi Lachinayi.

Chitani chonchi. Musagulitse. Tengani khumi okha, otsalawo muwatsekere m'bokosi, bokosilo mulikweze pamwamba pa wadirobu pomwe maso safika. Khumiwo muwamatirire pa kathabwa ndi tepi, muwapopere sipuleyi ya khaki, ija ya Zandri Dust. Taonani, yunifolomu yatha kale musanagwire burashi, andakoti (penti yoyamba ya pansi) ndi mtundu zalowa kamodzi. Tsiku loyamba pentani zipewa ndi zapachifuwa zobiriwira pa onse khumi. Tsiku lachiwiri mfuti ndi nsapato zakuda pa onse khumi. Lachitatu nkhope ndi manja. Lachinayi muwasambitse onse ndi Agrax Earthshade kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Lachisanu guluu wa matabwa ndi mchenga pansi pawo. Malamba ndi timatumba musazikhudze n'komwe, kusambitsa kuja kudzazilekanitsa kokha. Mtundu umodzi pa anthu khumi, osati mitundu khumi pa munthu mmodzi. Burashi mumatsuka kamodzi, botolo mumatsegula kamodzi, ndipo dzanja likafika pa wachisanu limakhala lazolowera njira.

Nachisale_Burashi
Agogo anena. Ndingowonjezera za nkhope: ine anga ndimawapenta akuda ngati ife. Penti ya Catachan Flesh kamodzi, kusambitsa, basi. Khungu lakuda limakhululuka kuposa loyera, silionetsa mizere ya burashi. Ndipo mwana wanga ataona anati "awa ndi a kwathu", kuyambira pamenepo amakhala nane patebulo.

Kadziotche_MCR
Ngati nkhope ndi zimene zikukusowetsani tulo, m'gulu lanu lomwelo muli Death Korps of Krieg. Onse amavala zophimba kumaso zoteteza ku utsi wa poizoni ndi zikhoti zazitali. Palibe nkhope ngakhale imodzi. Ndipo matope amawayenera, ukathimbiritsa chikhoti anthu amati ndi luso.

MbewaYaJoni
Munthu akudandaula kuti ali ndi 53 osapenta, inu mukumuuza akagule ena?

Kadziotche_MCR
Ndimangotchula. Ine amene ndili ndi mabokosi osatsegula okwana kumangira khola la nkhuku, sindingalangize munthu za kudziletsa.

Tsabola_CPT
Palibe amene watchula Contrast? Chiyambire 2019 pamene mapenti amenewa anatuluka, nkhani ya "gulu losavuta" inasintha. Mumaika andakoti yowala, Wraithbone kapena Grey Seer, kenako penti imodzi yokha imachita ntchito ziwiri: imada m'makwinya, imawala pamwamba. Army Painter ali ndi yawo, Speedpaint, ndipo Vallejo ali ndi Xpress Color. Chimene ndaona ine n'chakuti imakonda zinthu za makwinya ambiri: ubweya, minofu, nsalu, mamba. Tyranids anga, zilombo za zigoba zija, ndimawamaliza ndi mitundu itatu, thupi, chigoba, zikhadabo. Koma pa malo osalala ngati mbali ya kasinja imadikha n'kusiya mabala ngati tiyi wotayikira pa nsalu ya patebulo. Ndiye akasinja anu a Kamwendo, sipuleyi ndi burashi youma basi, Contrast ayi.

Pali njira inanso anthu akuitcha slapchop. Andakoti yakuda, kusisita ndi burashi youma ya imvi, kusisitanso ndi yoyera mopepuka, kenako Contrast pamwamba. Mthunzi umakhala utakonzeka kale pansi. Kwa munthu wa manja onjenjemera ndi yabwino chifukwa pomwe burashi sinafike pamangokhala pakuda, ndipo pakuda diso limawerenga ngati mthunzi.

GogoMadayisi
Njira imeneyo tinkachita kale ndi inki isanapatsidwe dzina. Koma ndi yabwino, sindikana.

Nkhwazi40k
Chilichonse agogo anachichita kale. Mawa atiuza kuti madayisi anasema okha.

Mlonda_wa_Area25
Ine ndikukuwerengani kuchokera ku Lilongwe ndipo ndikungoseka. Inu mukukangana za sipuleyi iti, ine sipuleyi ya tizidole sindingaione n'komwe. Mlongo wanga amandibweretsera mabokosi ndi timabotolo akamabwera ku tchuthi, koma zitini zopopera salola m'ndege poti zimayaka. Andakoti ndimapaka ndi burashi. Ndinayesapo sipuleyi ya m'sitolo ya zipangizo zomangira, ina inagwira bwino, ina inasiya pulasitiki ikunyata mpaka sabata. Yesani kaye pa timitengo ta pulasitiki totsala tija musanapopere msilikali. Vuto langa lalikulu ndi kutentha kwa Okutobala, penti imauma paburashi ndisanafike pa chidole. Ndinapanga mbale yonyowa: kakontena ka majarini, siponji yonyowa pansi, pepala lophikira makeke pamwamba. Penti imakhala yamoyo mpaka mawa.

Kamwendo_Leicester
Akulu a ku 25, nanga mumasewera ndi ndani kumeneko?

Mlonda_wa_Area25
Tilipo atatu. Timasewera Kill Team, masewera ang'ono a 40k, chifukwa aliyense amangofunika anthu pafupifupi khumi, ndipo tebulo lake ndi laling'ono, limakwana pa tebulo lodyera. Nyumba zogumuka timapanga ndi makatoni ndi zitsekerero za mabotolo. Magetsi akazima timapitiriza ndi tochi ya foni. Ndipo ichi chikukhudza funso lanu: ine ndilibe mulu wondiopseza chifukwa ndilibe pogula. Bokosi limodzi limabwera, ndimalimaliza, ndimadikira Disembala.

Kadziotche_MCR
Ndiye kuti mankhwala anga ndi kubwerera kumudzi.

Chidzukulu_Notts
Za sipuleyi, a Kamwendo, samalani ndi nyengo ya kuno. Mukapopera panja kukuzizira kapena kuli chinyezi, penti imagwa ngati mchenga, chidole chimatuluka chokhakhala. Ikani chitini m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi zingapo, muchikhutchumule mokwanira, mupopere mwachidule kenako mulowetse zidolezo m'nyumba ziume. Zikalakwika musataye, zinyikeni mu isopropyl alcohol n'kutsuka ndi mswachi wakale. Koma acetone, uja wochotsera penti ya zikhadabo, musayerekeze, amasungunula pulasitiki.

Ine ndimakhala mtunda woyenda pa basi kupita ku Warhammer World, ku Lenton mumzinda wa Nottingham, komwe kuli likulu la Games Workshop, kampani yopanga Warhammer. Ndikuuzeni zoona, kupita kukaona zoonetsa zawo kumandipatsa mphamvu tsiku limodzi, kenako kumandifooketsa sabata yonse. Ukafika kunyumba n'kuyang'ana zako umangoti, ine ndikuchita chiyani. Chimodzimodzi zithunzi za pa Instagram. Anthu aja amajambula ndi magetsi apadera, chidole chimodzi achikhalira maola makumi.

BamboAChisomo
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Kodi n'chifukwa chiyani tonse tikungokamba za zilombo za m'mlengalenga? Ine ndinasiya 40k ndinapita ku Bolt Action ya Warlord Games, nawonso ndi a ku Nottingham komweko, ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndipo gulu langa ndi King's African Rifles (KAR). Agogo anga aamuna anapita ku Burma. Batalyoni yoyamba ndi yachiwiri ya KAR zinali za Nyasaland, ndipo asilikali a kwathu anali mu 11th East African Division imene inatsika chigwa cha Kabaw mu 1944 mvula ili pakati. Ndinatenga asilikali a pulasitiki a Britain, n'kuwaika zipewa za mlomo waukulu zija, n'kuwapenta khungu lathu. Kupenta kwake? Zobiriwira za m'nkhalango kuyambira kolala mpaka kumapazi, malamba otuwirako pang'ono, mfuti yabulauni. Mitundu inayi. Ndipo sindinavutikepo ndi mphwayi, chifukwa ndikamapenta ndimakumbukira nkhalamba ija ikutiuza za misundu ndi matope.

Nachisale_Burashi
Bambo a Chisomo, izi zandikhudza. Ndikadutsa pa chipilala cha KAR chija ku Zomba sindinaganizepo kuti munthu angawaike patebulo.

GogoMadayisi
KAR inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo pa ufulu mu 1964 batalyoni yoyamba ija ndi imene inasanduka Malawi Rifles. Amene angafune za nkhondo yoyamba, askari a nthawi imeneyo ndi khaki ndi kapu yaitali ija ya fez, nazonso n'zosavuta. Koma ndifunse, bambo: simumva kuwawa mumtima mukawachotsa patebulo atawomberedwa?

BamboAChisomo
Poyamba zinkandivuta, madala. Mkazi wanga anafunsanso zomwezo, kuti mukusewera ndi imfa ya makolo? Ndinaganiza nthawi yaitali. Koma ku kalabu kwathu azungu ambiri sankadziwa n'komwe kuti ku Burma kunali anthu akuda. Aliyense akaona gulu langa amafunsa, ndipo ndimawauza. Kwa ine zimenezo zinandikwanira. Wina akhoza kuona mosiyana, sindingamutsutse.

Nkhwazi40k
Chabwino, izi ndagonja nazo. Koma a Kamwendo anafunsa za 40k.

Tsabola_CPT
Tibwerere ku funso lachiwiri lija, la mtima. Ine chimene chimandigwira ndi tsiku. Ndikapangana ndi munthu kuti tisewera pa 15, gulu lakuti liyenera kukhala litapentedwa, ndimapenta. Popanda tsiku ndimangoonera mavidiyo a anthu ena akupenta, n'kumadzinamiza kuti ndikuphunzira. Komanso m'mipikisano yambiri ya 40k gulu lopentedwa lonse limapatsidwa mapointi 10 aulere owinira masewera, ndipo muyeso wake si wapamwamba, bola mitundu yaikidwa ndi pansi pakonzedwa. Kuluza masewera ndi mapointi 6 chifukwa anthu ako ndi otuwa kumaphunzitsa msanga.

MbewaYaJoni
Kwa ine tsiku limandipanikiza, ndimayamba kudana nazo ngati homuweki. Changa ndi kusachotsa zinthu patebulo. Ndili ndi kathireyi kokhala ndi burashi ziwiri, mapenti asanu ndi kapu ya madzi. Ndikafika kunyumba ndimati mphindi 20 zokha. Masiku ena zimakhaladi 20, masiku ena ndimadzidzimuka ili 11 koloko. Koma zikakhala kuti ndiyambe kutulutsa m'kabati, kuyala nyuzipepala, kufunafuna nyale, ndiye kuti sindipenta.

Kamwendo_Leicester
Kathireyi ndi nzeru, chifukwa tebulo lathu ndi limodzi ndipo mayi a kunyumba ananena kale kuti akadzapezanso kamutu ka msilikali m'mbale ya ndiwo, onse 60 akagona ku bini.

Nachisale_Burashi
Mayiwo ali ndi ufulu. Apatseni burashi, mwina ndi amene adzamalize gululo.

Mlonda_wa_Area25
Chinanso, asanu ndi awiri anu oyamba aja musawafufute ngakhale maso awo ali otuzuka. Woyamba wanga ndimamusunga pawindo. Ndi woipa zedi, penti yake ndi yokhuthala ngati phala la mgaiwa chifukwa sindinkadziwa kuti amathira madzi. Ndikatopa ndimamuika pambali pa watsopano.

GogoMadayisi
Ndipo musaope kusewera ndi osapenta pamene mukupenta. Pali anthu amene amati chidole chotuwa chisakwere patebulo. Ine ndimati seweretsani, ndipo gulu limene lachita zamphamvu tsiku limenelo ndi limene lilandire penti sabata imeneyo. Sajeni wanga wina anapha chilombo chachikulu ndi lupanga, madayisi atamukomera. Usiku womwewo ndinamupenta, ndinamupatsa ndi dzina.

Kadziotche_MCR
Nanga amene athawa pankhondo?

GogoMadayisi
Amenewo akhale otuwa mpaka alape.

Chidzukulu_Notts
Tisanatseke, pali mitundu yoti munthu woyamba aipewe kaya asankha gulu liti: chikasu ndi choyera. Imperial Fists ndi White Scars amaoneka bwino m'zithunzi, koma chikasu pa andakoti yakuda chimafuna kubwereza kambirimbiri chisanagwire. Harlequins ndi timadayamondi tawo ta pa zovala ndiye musayandikire. Ku Age of Sigmar, masewera ena a Warhammer, amene akufuna chosavuta zedi ndi Nighthaunt, mizukwa. Andakoti yoyera, Nihilakh Oxide kapena Hexwraith Flame pamwamba, zitsulo pang'ono, yatha.

Nkhwazi40k
Mizukwa m'nyumba ya Mmalawi? Apongozi akabwera mudzafotokoza nokha.

MbewaYaJoni
Wanena ndi mwini mafupa oyenda.

Kamwendo_Leicester
Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti muyankha chonchi. Ndabwera kudzapereka lipoti. Sindigulitsa. Dzulo ndinakweza 43 pamwamba pa wadirobu monga ananenera agogo, ndinatsala ndi khumi. Ndinapopera khaki masana dzuwa litatulukako pang'ono, chitini ndinachifunditsa kaye, sizinakhakhale. Usiku ndapenta zipewa khumi m'mphindi zosakwana 40, ndipo ndinadabwa kuti akuoneka kale ngati gulu. Ndapangana ndi mnzanga uja kuti tisewera masewera ang'ono pakatha masabata awiri. Koma ndiulule: wachitatu pamzere anali ndi nkhope yabwino kwambiri, ndipo ndinatenga kaburashi kakang'ono kaja.

GogoMadayisi
Mwapenta maso.

Kamwendo_Leicester
Limodzi lokha, madala. Linalo ndaliphimba ndi bandeji.

BamboAChisomo
Bandejiyo mwapanga ndi chiyani? Ndikufuna ovulala awiri a ku Kabaw.

Kamwendo_Leicester
Kapepala ka tishu konyika mu guluu wa matabwa wothira madzi. Dikirani kaume kaye musanapente, ine ndinafulumira ndipo kanamatirira ku burashi.